Ulendo wa pandege ukalephereka chifukwa cha sinowo: zoti muchite musanakhale pansi

Mwezi wa Disembala ukafika, mtima wa munthu wokhala ku America, ku Canada kapena ku UK umakhala uli kumudzi. Kwathu mvula yagwa, chimanga chikumera, mango apsa. Koma mwezi womwewo ndi umene mabwalo a ndege a ku Chicago, Toronto, New York, London ndi Amsterdam amakutidwa ndi sinowo, ndipo ndege zimakhala zodzaza mpaka mpando wa kumapeto. Ziwirizi zikakumana, tikiti imene mwaisungira ndalama chaka chathunthu ikhoza kukusiyani pa benchi masiku atatu.

Ine zinandionekera pa bwalo la O'Hare ku Chicago, masiku awiri Khirisimasi ya 2022 isanakwane, pamene mphepo ya chisanu inakuta pafupifupi dziko lonse la America. Kunja kunazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Chimene ndinaphunzira usiku umenewo n'chakuti mipando yochepa imene yatsala pa ndege za mawa ndi mkuja imapita kwa anthu amene ayamba kulankhula msanga. Ife tinaleredwa kuti ukakhala mlendo uzifatsa, udikire akuitane. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo musautaye, koma pa bwalo la ndege palibe amene adzabwere kudzakufunsani kuti mwathandizidwa kale kapena ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Muyambe musanachoke pakhomo

Namondwe wa chisanu sabwera mobisa. Azanyengo amamuona kukadali masiku atatu kapena anayi, ndipo makampani a ndege, makamaka a ku America ndi ku Canada, amalengeza kuti aliyense amene ulendo wake ukudutsa m'mabwalo akutiakuti akhoza kusintha tsiku popanda kulipira chindapusa. Chilolezo chimenechi amachitcha travel waiver. Mukangochiona pa app ya kampaniyo kapena pa imelo, musachedwe. Nyamukani tsiku limodzi kapena awiri namondweyo asanafike ngati kuntchito akulolani. Zikakanika, sankhani ndege yoyamba ya m'mamawa, chifukwa imeneyo kawirikawiri imakhala itagona pabwalopo ndipo oiyendetsa amakhala atapumula. Ndege ya madzulo imadalira kuti maulendo ena atatu kapena anayi a tsikulo ayende bwino.

Nchifukwa chake mukhoza kuona kunja kuli dzuwa koma ulendo wanu nkulephereka. Sinowo ikagwa, ndege iliyonse imayenera kupoperedwa mankhwala osungunula madzi oundana pa mapiko isananyamuke, ndipo zimenezi zimadya nthawi. Misewu yonyamukira ndege imatsekedwa kuti aikokolole. Onyamula katundu sangakhale panja nthawi yaitali kukazizira choncho. Kenako oyendetsa ndege ndi othandiza m'ndege ali ndi maola amene lamulo limawalola kugwira ntchito, akakwana basi, ngakhale ndege ili pomwepo. Ndiye ndege imene mumaidikira yatsakamira ku Denver, oyendetsa ake ali ku Boston. Kampani ya Southwest Airlines inathetsa maulendo pafupifupi 16,900 kumapeto kwa Disembala 2022, anthu oposa 2 miliyoni anasowa mtengo wogwira, ndipo vutolo linapitirira namondwe atadutsa kale, chifukwa kampaniyo inalephera kulumikiza ndege zake ndi antchito ake. Boma la America linailipitsa madola 140 miliyoni mu Disembala 2023.

Pogula tikiti, yesetsani kuti ulendo wonse, kuchokera mumzinda umene mukukhala mpaka ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka, ukhale pa tikiti imodzi. Ambiri timagula ziwiri pofuna kupulumutsa ndalama: yotchipa yokafikira ku Washington kapena ku London, kenako ina ya ulendo wautali wodzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Tsiku labwino zimayenda. Tsiku la sinowo, yoyambayo ikalephereka, kampani yachiwiri imangolemba kuti simunabwere, ndipo ilibe udindo uliwonse pa inu.

Chikwama cha m'manja muchilonge ngati mukudziwa kuti mugona panjira. Mankhwala onse amene mumamwa tsiku ndi tsiku, chaja ndi batire yapadera ya foni, zovala zamkati za masiku awiri, mswachi, botolo lopanda kanthu lotungira madzi mukadutsa pa chipikisheni, mtedza ndi mabisiketi. Jekete lokhuthala musaliike m'sutikesi poganiza kuti kumene mukupita kukutentha. Chitenje chimodzi chilowenso, chimagwira ntchito ya bulangeti, ya pilo, ngakhale ya mphasa.

Mphindi khumi zoyamba

Uthenga ukangolowa pafoni kapena bolodi ikalemba kuti Cancelled, jambulani. Jambulani bolodi, uthengawo, boarding pass yanu ndi kapepala ka nambala ya sutikesi. Mudzazifuna.

Kenako chitani zinthu zitatu nthawi imodzi. Imani pamzere wa kauntala ya kampaniyo. Muli chiimire pamzerepo, tsegulani app muone ngati akuikani kale pa ndege ina kapena ngati mungasankhe nokha. Ndipo imbani foni ku kampaniyo, mahedifoni ali kukhutu. Mwa zitatuzi, imene iyambe kuyankha ndiyo yanu. Nambala ya m'dziko limene muli imakhala itapanikizika, anthu amadikira maola, choncho yesani nambala ya kampani yomweyo ya kudziko lina kumene kulibe namondwe. Amene ayankhe kumeneko amaona kompyuta yomweyo ndipo akhoza kukusinthirani tikiti. Ngati muli ndi mwana kapena mnzanu amene ali pakhomo ndi laputopu, mutumizireni nambala ya booking yanu, ya zilembo zisanu ndi chimodzi ija, azifufuza ndi kuimba nawo. Ngati tikiti munagula kudzera kwa ejenti, muimbireni nayenso, chifukwa matikiti ena kampani imakana kuwasintha popanda iye.

Musafike pakauntala ndi funso lakuti "ndiye nditani?" Munthu amene ali kuseri kwa kauntalayo walankhula ndi anthu mazana, ena amutukwana, mwina nayenso sakudziwa kuti abwerera bwanji kwawo. Fikani ndi mayankho. Muuzeni kuti mwaona ndege yakuti ya mawa m'mawa yodzera ku Newark, kapena ya mkuja yodzera ku Toronto, ndipo mufunse ngati muli malo. Funsani za mabwalo oyandikana nawo: Chicago ili ndi O'Hare ndi Midway, ndipo Milwaukee sikutali, London ili ndi Heathrow, Gatwick ndi ena, Washington ili ndi Dulles, Reagan National ndi Baltimore. Funsaninso ngati angakuikeni pa ndege ya kampani ina imene amagwira nayo ntchito limodzi. Ethiopian Airlines, United, Lufthansa, Air Canada ndi South African Airways onse ali mu Star Alliance. Kenya Airways, KLM, Air France ndi Delta ali mu SkyTeam. Apa ndi pamene ulemu wathu uja umagwira ntchito. Mawu ofatsa ndi moni zimatsegula zitseko zimene kukalipa kumatseka.

Akakupatsani mpando wa masiku awiri kutsogolo, utengeni kaye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukautenga pemphani kuti akulembeninso pa standby, mndandanda wa odikira mpando ukapezeka, ya ndege zoyambirira, ndipo muziyang'ana app pafupipafupi, chifukwa anthu ena amataya mtima nkubwerera kunyumba, mipando nkumatseguka pakati pa usiku.

Pasipoti yathu ndi njira zimene angakupatseni

Apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene pasipoti yawo imalowa paliponse. Wa pakauntala akhoza kukupezerani njira yooneka yabwino, yodzera ku Frankfurt ndi kugona usiku umodzi, kapena yotsikira ku Heathrow nkukakwerera ku Gatwick. Iye akufuna kukuthandizani, koma mwina sanayang'ane mtundu wa pasipoti yanu. Muuzeni nokha: "Pasipoti yanga ndi ya Malawi, kodi njira imeneyi ikufuna viza?"

Mwini pasipoti ya Malawi, ya Zambia, ya Zimbabwe kapena ya Mozambique sangatuluke pabwalo la ndege la m'maiko a Schengen, maiko ambiri a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, popanda vizayo. Njira yotera m'mabwalo awiri a Schengen motsatizana, monga Amsterdam kenako Paris, imatanthauza kulowa m'dera limenelo, ndiye imafunanso viza. Kusintha bwalo ku London ndi kulowa m'dziko la UK. Ku America kulibe zoti ndikungodutsa: aliyense wotera kumeneko amadutsa pa imigireshoni ndipo wa pasipoti ngati zathuzi amayenera kukhala ndi viza. Mukavomera njira yotere osafunsa, akakubwezani pa geti mutataya kale mpando wina umene ukanakuthandizani.

Ngati sinowo yakupezani muli kale pakati pa ulendo, tinene ku Schiphol, bwalo la ku Amsterdam, ndipo simungatuluke, auzeni msanga a kampaniyo kuti vocha ya hotela ya mutauni singakuthandizeni. Mabwalo ena akuluakulu, kuphatikizapo Schiphol, ali ndi timahotela mkati mwenimweni, kosafunika kudutsa pa imigireshoni, koma zipinda zake ndi zochepa ndipo zimatha msanga.

Palinso nkhani ya masiku. Makolo athu ambiri amabwera kudzaona zidzukulu nkukhala mpaka sabata yomaliza ya masiku amene anapatsidwa. Ku America tsiku lofunika ndi limene lili pa I-94, chikalata cha imigireshoni chosonyeza tsiku lomaliza limene mwaloledwa kukhala m'dzikomo, osati limene lalembedwa pa viza. Ngati kulephereka kwa ndege kukukankhirani kupyola tsiku limenelo, iuzeni kampani ya ndege kuti ikuikeni patsogolo, pemphani kalata yotsimikiza kuti ulendo unalephereka ndi chifukwa chake, ndipo funsani a imigireshoni kapena loya tsikulo lisanadutse. Kalatayo muisunge pamodzi ndi pasipoti, idzakuyankhirani podzapemphanso viza. Ndipo pogulira makolo tikiti yobwerera nyengo ya chisanu, siyani mpata wa sabata kapena kuposerapo.

Zimene kampani ikuyenera kukupatsani

Izi zimadalira kumene mwanyamukira, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Mukanyamukira ku UK kapena m'dziko la European Union, pa kampani iliyonse, lamulo lili kumbali yanu. Ku EU ndi lamulo nambala 261 la 2004, ndipo UK inasunga lofanana nalo itatuluka m'bungwelo. Muli ndi ufulu wosankha kubwezeredwa ndalama pasanathe masiku 7 kapena kupatsidwa ulendo wina. Pamene mukudikira ulendo winawo, kampani iyenera kukupatsani chakudya, malo ogona ngati mugona, ndi transipoti yopita ndi kubwera ku hotelako. Chifukwa cha nyengo sichichotsa udindo umenewu. Khoti lalikulu la European Union linagamula choncho mu 2013, pa mlandu wochokera ku phulusa la phiri la ku Iceland limene linatseka mlengalenga mu 2010. Chimene nyengo imachotsa ndi chipepeso cha ndalama chokha, chija cha mapaundi 220 mpaka 520 kapena mayuro 250 mpaka 600. Ndiye wina akakuuzani kuti "ndi sinowo, palibe chimene tingachite", dziwani kuti akunena za chipepeso, osati za chakudya ndi pogona. Anthu akachuluka kampani imalephera kupezera aliyense hotela. Zikatero pezani nokha ya mtengo wapakati, idyani chakudya wamba, sungani malisiti onse olembedwa chinthu chilichonse pachokha. Mowa ndi hotela yapamwamba sabweza.

Ku America nkhani ndi ina. Ulendo ukalephereka ndipo inu mwasankha kusayenda, akuyenera kukubwezerani ndalama zanu zenizeni, osati vocha, ngakhale tikiti ikhale ija amati yosabweza. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2024 amati ndalamazo zibwere pasanathe masiku 7 ogwira ntchito ngati munalipira ndi kirediti kadi, kapena masiku 20 ngati munalipira mwa njira ina. Koma chifukwa chikakhala nyengo, palibe lamulo lowakakamiza kukupatsani hotela kapena chakudya. Funsanibe. Funsani ngati ali ndi mtengo wotsika wa hotela wa anthu otsakamira, ndipo funsani chifukwa chenicheni chimene alemba mu kompyuta. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu chifukwa chimatha kusintha kuchoka pa nyengo nkukhala kusowa kwa antchito kapena kuwonongeka kwa ndege, ndipo pamenepo makampani akuluakulu analonjeza okha kupereka chakudya ndi pogona. Mukatsekeredwa m'ndege ili pansi, akuyenera kukupatsani madzi ndi kachakudya pasanathe maola 2, ndi kukulolani kutsika pasanathe maola 3 pa ulendo wa m'dziko momwemo kapena maola 4 pa ulendo wa kunja.

Chenjerani ndi batani la refund, lopempha kubwezeredwa ndalama, pa app. Mukalidina, mgwirizano watha, kampani ilibenso udindo wokufikitsani kwanu. Tikiti yopita ku Lilongwe yogula pa 23 Disembala mtengo wake sungafanane ndi imene munagula mu Ogasiti. Musalandire ndalama musanaone ndi maso anu njira ina ndi mtengo wake.

Musadumphe gawo la ulendo mwakachetechete

Maganizo amabwera akuti ndikwere basi kapena sitima ndikaipeze ndege yaikulu ija ku Washington. Nthawi zina zimathekadi. Koma ngati zonse zili pa tikiti imodzi, auzeni kaye a kampaniyo achotse gawo loyambalo mu kompyuta ndipo akutumizireni tikiti yokonzedwanso. Mukapanda kutero, kompyuta ikhoza kufufuta magawo onse otsala, ndi ulendo wobwerera womwe.

Za kubwereka galimoto nkuyendetsa nokha usiku mu namondwe, ine ndikuti ayi. Ku Buffalo ndi madera ozungulira, namondwe yemweyo wa 2022 anapha anthu oposa 40, ena anapezeka m'magalimoto awo atakwiririka. Sinowo ikatseka paipi ya utsi injini ikulira, utsiwo umabwerera m'galimoto ndipo umapha mwakachetechete. Ambiri a ife tinaphunzira kuyendetsa pa M1, matope timawadziwa, koma msewu woundana ndi chinthu china. Khirisimasi ina idzabwera.

Usiku wa pabwalo

Cha m'ma 11 koloko usiku umene uja ku O'Hare ndinamva mawu a Chichewa kumbuyo kwanga. Anali mayi wachikulire, atakhala pa mpando wa m'mphepete, atafunda chitenje pamwamba pa juzi yopyapyala, akulankhula pafoni ndi mwana wawo amene anawasiya pabwalopo masana nkubwerera ku Indiana msewu usanatsekeke. Foni itaduka ndinawapatsa moni. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ozizira ngati mwala wa kumtsinje.

"Mwananga, andiuza kuti ndidikire. Ndiye ndikudikira."

"Anakuuzani nthawi yanji, amayi?"

"Dzuwa lisanalowe."

Pa maola onsewo sanadzuke pampandopo, poopa kuti angawaitane iwo kulibe. Palibe amene akanawaitana. Nditafunsa za mankhwala, anati a BP ali m'sutikesi yaikulu, anawakulunga pamodzi ndi mphatso za adzukulu a kumudzi kuti asatayike. Tinapita limodzi ku ofesi ya katundu ndi kapepala ka nambala kaja, koma masutikesi anali mulu, ndipo anatiuza mosabisa kuti usiku umenewo sizitheka. Chimene chinathandiza ndi chakuti mwana wawo anali ndi chithunzi cha botolo la mankhwalawo pafoni, ndipo m'mawa misewu itatseguka anabwera nawo ena.

Ngati mukutumiza kholo lokha nyengo ino, pemphani chithandizo cha wheelchair pogula tikiti, ngakhale akuyenda bwinobwino mtunda waufupi; ndi chaulere, ndipo pamakhala munthu wowaperekeza pa geti. Alembereni papepala, m'Chingerezi, dzina lawo, nambala ya booking, nambala yanu ya foni, matenda ndi mankhwala awo. Ndipo musachoke pafupi ndi bwalo mpaka app itaonetsa kuti ndege yanyamuka.

Inuyo mukaona kuti mugona pabwalo, ganizani kawiri musanatuluke kunja kwa chipikisheni, chifukwa popanda boarding pass ya tsiku limenelo kapena lotsatira mwina sakulolani kubwerera mkati, kumene kuli kofundirako ndi kotetezeka. Gulani chakudya ndi kudzaza botolo la madzi mashopu asanatseke. Funsani ogwira ntchito pabwalo ngati akugawa timabedi topinda ndi mabulangeti. Ku O'Hare amatero anthu akatsakamira ambiri. Mabwalo ena a ku America ali ndi tebulo la Travelers Aid, anthu ongodzipereka amene amathandiza apaulendo osowa pogwira. Pezani malo pafupi ndi soketi, kutali ndi zitseko za panja ndi mawindo. Pasipoti, foni ndi ndalama zikhale m'thumba la mkati mwa jekete, lamba wa chikwama mumukoloweke pamkono. Tcherani alamu maola atatu nthawi ya ndege isanakwane. Kumudzi tumizani uthenga umodzi womveka bwino pa WhatsApp, kwa munthu mmodzi, iye auze ena onse, ndipo amene amabwera ndi galimoto kudzakuchingamirani asanyamuke mpaka mutawauza kuti mwakwera ndege yomaliza. Batire ya foni ndiyo tikiti yanu usiku umenewu, musaithere pa mavidiyo kolo.

Mukafika

Sutikesi ikapanda kutuluka, musachoke pabwalo musanalembetse fomu ya katundu wosowa, imene amaitcha PIR, ndipo mutenge nambala yake. Perekani adiresi ndi nambala ya foni ya kumene mukakhale, yogwira ku Malawi. Pa maulendo a pakati pa maiko, pangano la Montreal la 1999 limakupatsani masiku 21 kuchokera tsiku limene mwalandira sutikesi yochedwayo kuti mulembe dandaulo lofuna kubwezeredwa zimene munagula podikira, ndi masiku 7 okha ngati yafika yowonongeka. Dandaulo la pakamwa kapena la pafoni siliwerengedwa, lembani.

Za hotela ndi chakudya, lembani pa fomu ya pa webusaiti ya kampaniyo sabata yomweyo, mutu usanaiwale. Ikani nambala ya ndege, tsiku, zithunzi zija ndi malisiti, ndipo tchulani ndalama zonse pamodzi. Onaninso inshulansi ya ulendo ngati munagula, ndi kirediti kadi imene munalipirira, chifukwa makadi ena amabweza ndalama za hotela ndi chakudya ndege ikachedwa ndi nyengo. Nawonso adzafuna kalata ija yotsimikiza chifukwa. Ku America kampani iyenera kuvomera kuti yalandira dandaulo lanu pasanathe masiku 30 ndi kuyankha pasanathe masiku 60, ikapanda kutero kadandauleni ku Department of Transportation pa intaneti. Ku UK, pakadutsa masabata 8 osayankhidwa mokhutiritsa, nkhaniyo mukhoza kuipititsa ku bungwe loweruza madandaulo limene kampaniyo inalembetsako, kapena ku Civil Aviation Authority ngati sinalembetse kulikonse.